Kumanzere kwa Ida

Mukanafika pamsika wa Zingwangwa zaka zimenezo n'kufunsa kuti a Onesimo ali pati, anthu akanangokuyang'anani kukamwa. Dzina limenelo ankalidziwa ndi a kutchalitchi okha, mwinanso ndi akazi awo. Koma mukanangoti "a Chidebe," aaa, ngakhale kamwana kogulitsa mafirizesi kakanakulozerani kuseri kwa mabenchi a makala, kumene nyundo inkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Anali munthu wamfupi, wakuda bii, wa manja okhakhala ngati chiguduli. Anachoka kwawo ku Nsanje ali mnyamata, atanyamula kajumbo ka zovala ndi Chisena chodzaza m'kamwa, moti anzawo pamsika anawaseka zaka zambiri chifukwa chonena kuti "pinthu" pofuna kunena zinthu. Ntchito yokhoma malata anaiphunzira kwa mkulu wina wachiyao, a Wahabu, ndipo mkuluyo pomwalira anawasiyira kachidutswa ka njanji kokhomerapo ndi sizasi yodulira malata. Ndi zimenezo ankapanga ndowa, mbaula, makoloboyi, mafanelo, chilichonse chimene lata lingalole. Ndowa akaimaliza ankaidzaza madzi n'kuikhazika pa nyuzipepala youma, kasitomala akuona, kenako n'kuinyamula kuti aliyense aone kuti pepala silinanyowe. Ndowa ya a Onesimo sinkadontha. Ikadontha ndiye kuti mwaikhalira.

Akazi awo, mayi Evelina, anali a ku Chikwawa, okazinga mandasi, a pakamwa pakuthwa koma a mtima wabwino. Banjali linadikira mwana mpaka anthu anayamba kunong'ona, ndipo mwana atabwera anabwera mmodzi yekha basi, Ida. Abale inu, chikondi chimene a Onesimo anali nacho pa kamtsikana kameneko chinali chochititsa manyazi. Bambo wamkulu ndi ndevu zake kumabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, kumapita naye ku Misa! Amuna anzawo ankati anadyetsedwa. Iwo ankangoseka.

Ida ali ndi zaka zisanu, bambo ake anamukhomera kambaula kakang'ono ka chitini cha mkaka, ka miyendo itatu ndi timabowo take, kenikeni ndithu. Ankamuikiramo timakala tiwiri n'kumuphunzitsa kukoleza.

"Ukaona moto ukufooka usausiye, mwanawe. Yandikira, uuzire pang'onopang'ono, udzuka."

Ndipo Ida anakhala katswiri. M'mawa uliwonse mukanamupeza pakhonde atanyonyomala, manja pamaondo, masaya atafufuma ngati mandasi a amayi ake, akuuzira mpaka makala psuu. Bambo ake ankaitana anthu odutsa kuti adzaone, ngati kuti mwana wa munthu wina sanakolezepo moto chiyambire dziko.

Khrisimasi ya chaka cha 2000 inafika ndi mvula yabwino, chimanga cha m'timinda ta m'mbali mwa mtsinje wa Naperi chili biriwiri. Chaka chimenecho makombola anadzaza ku Limbe, mavenda atawayala pansi ngati tomato. A Onesimo anali asanagulepo chinthu chotero chibadwire. Koma anaona mmene Ida ankakhalira pakhonde, khosi litatalika, kusirira ana a eni ake akuphulitsa, ndiye anati ayi, wanganso ndi mwana. Anagula kapaketi kamodzi n'kukabisa m'thumba la jekete yawo ya ku Misa.

Madzulo a tsikulo, atadya mpunga wa nkhuku, dzuwa litangolowa, anatulutsa. Ida anali m'diresi latsopano lachikasu. Loyamba linalira, phuu! Ida analumpha n'kuwomba m'manja. Lachiwiri, phuu! Agalu kuthawira kuseri. Lachitatu atayatsa, kachingwe kake kanathetheka pang'ono, psii, kenako zii. Kautsi kokha.

"Lafa ili," anatero a Onesimo, n'kutembenuka kuti atenge lina m'jekete imene anaikoleka pachitseko.

Kutembenuka kumeneko basi. Ida anaona moto ukufooka, ndipo anachita zimene bambo ake anamuphunzitsa. Anayandikira, ananyonyomala, manja pamaondo, n'kufufumitsa masaya aja.

Kulira kwa kombola lachitatulo a Onesimo sanakufotokozepo kwa munthu aliyense, ndiye inenso ndikusiya. Azimayi anathamanga kuchokera m'makomo onse. Uyu akuti swerani dzira, uyu wabwera ndi mankhwala otsukira mano, winayo wathamangira shuga. Aliyense ankafuna kuthandiza, ndipo aliyense ankangowonjezera vuto. A Onesimo anakwatula mwanayo m'manja mwawo n'kuthamanga naye kumsewu opanda nsapato. Minibasi imene anaimitsa inali yodzaza, yopita kwina, koma dalaivala atangoona nkhope ya mwanayo anakhota n'kulunjika kuchipatala cha Gulupu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe m'galimotomo amene anadandaula. Anamwino anatsuka dzira lija, akunena mofatsa kuti pamene papsa pamafuna madzi oyera ozizira basi, ndipo diso lokha sapakamo kanthu kapena kulitikita, amangothamanga nalo kuchipatala. Madokotala anayesetsa. Nkhope inapola, kunangotsala kachipsera pansi pa chikope. Koma diso lakumanzere linapita.

Ida asanatuluke m'chipatala, bambo ake anatenga kambaula kaja n'kukaphwanya ndi nyundo mpaka kanakhala kalata kosadziwika mutu wake. Mwanayo anafunsa kamodzi kuti kali kuti. Anamuuza kuti kanachita dzimbiri, ndipo sanafunsenso.

Kuyambira pamenepo malo awo anali kumanzere kwa Ida. Popita ku Misa, kumanzere. Pomuperekeza kusukulu, kumanzere. Podumpha msewu pasiteji paja pamene maminibasi amabwerera chakumbuyo ngati oledzera, iwo kumanzere, dzanja lili paphewa la mwana. Njinga ya makala ikamabwera mbali imeneyo, inkayamba yakumana ndi a Onesimo. Azimayi a mumphakati ankati, "Koma bambo awa ndi diso la mwana wawo ndithu," ndipo sankanama.

Koma ine ndinene zonse. Kumanzereko kunalinso kobisala. Mbali imeneyo Ida sankawaona, ndipo iwo sankakumana ndi diso lotsala lija. Ankaliopa diso limenelo kuposa moto. Ankaganiza kuti tsiku lina lidzawayang'ana n'kufunsa kuti, kodi baba, anagula ndani, nanga anandiphunzitsa kuuzira ndani? Ndiye pakudya ankakhala kumanzere, pocheza kumanzere, nkhani zonse kumakamba atayang'ana kutsogolo ngati anthu awiri okhala pampando umodzi wa basi. Ida akatembenuza mutu, iwo ankapeza kanthu koti atole pansi.

Ndiye panali nkhondo ya makombola. Ha! Mwezi wa Disembala ukangolowa, a Onesimo ankaweruka msanga, n'kutunga madzi m'chidebe, n'kuyamba kuzungulira m'tinjira ta m'dera lawo. Mwana amene wapezeka ndi kombola, kulanda, m'chidebe chubwi. Timawaya tija timathetheka ngati nyenyezi, m'chidebe. Sitiluwulu wotsukira mapoto amene ana amamanga kuchingwe n'kumazunguza atayatsa, m'chidebe. Dzina la Chidebe linachokera pamenepo. Ana akangomva chigwiriro chake chikulira kwii, kwii pakona, wina ankakuwa kuti "A Chidebe!" ndiye balalabalala, ngati anapiye aona kabawi.

Makolo ena ankabwera kudzakalipa. A Nedson ogulitsa nyama anafika tsiku lina thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mwana ndi wanga, makombola ndagula ndine. Inu ndinu apolisi?"

Ida anatuluka ndi mpando, anagwada n'kupereka moni, ndipo a Nedson atamuyang'ana kumaso mawu anawathera. Anafunsa za mvula n'kumapita. Zinkatha choncho nthawi zonse, ndipo Ida, ngakhale anali mwana, ankadziwa kuti nkhope yake ndi imene imatseka anthu pakamwa. Sankazikonda, koma mpando ankatulutsabe.

Kunyumba kwawo nako, kuyambira Khrisimasi mpaka Nyuwere, dzuwa likangopendeka zitseko gwa, mawindo gwa, wailesi pamwamba kuti phokoso la kunja lisamveke. Ida anakula akumvera Khrisimasi ya anzake kudzera m'khoma. Anali mwana wofatsa, wanzeru m'kalasi, woseka ndi mano onse. Anamaliza Folomu 4, anaphunzira kusoka, n'kukwatiwa ndi Dan, makaniko wa ku Bangwe, mnyamata waulemu wa zikhadabo zakuda ndi oyilo. Paukwati wojambula zithunzi anachonderera mpaka kutopa kuti bambo a mkwatibwi asunthire mbali inayo, koma anakana kwamtuwagalu. Zithunzi zonse ali kumanzere, akuyang'ana chakumbali ngati wina wawaitana. Mwana woyamba wa Ida ndi Dan, mtsikana, anamutcha Alinane.

Ida ankabwera ku Zingwangwa pafupipafupi. Isitala ankabwera, maliro ankabwera, bambo ake akadwala malungo ankagona konko. Koma Khrisimasi, ayi. Chaka chilichonse chifukwa chatsopano: apongozi adwala, maoda a madiresi achuluka, mwana ali ndi chimfine. A Onesimo ankagulabe nkhuku, ankagulabe tinsapato ta mdzukulu, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kunjira mpaka nthawi yotseka zitseko. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo sankauza munthu.

Anawamasulira ndi mayi Evelina, akusenda anyezi, osadzutsa n'komwe mutu.

"Bambo a Ida, mwana wanu sakudana nanu. Koma wandiuza ine kuti mwana wake uja sadzadyera Khrisimasi m'nyumba ya maliro."

"Maliro a ndani?"

"Funso lake ndi limenelo. Mwana ali moyo, wakwatiwa, wabereka, inu mukulirabe. Mukulira ndani?"

A Onesimo ananyamula chidebe chawo n'kutuluka.

Mawu a akazi awo akanatha kuwameza, monga ankamezera ena onse. Koma sabata yomweyo kunachitika za Monika. Monika anali kamtsikana ka sitandade 3, mwana wa mayi wina wochita lendi papuloti yoyandikana nayo. Amayi ake anadabwa kuona mwana akudya ndi dzanja lamanzere, lamanja ataliika m'thumba la diresi. Atalitulutsa mokakamiza, mayo! Zala zitatupa, matuza okhaokha, atapaka mankhwala otsukira mano n'kukulunga kasanza. Kombola linamuphulikira m'manja, ndipo anabisa mpaka bala linayamba kununkha.

A Onesimo anamva kulira n'kupitako. Anagwada pafupi ndi mwanayo.

"Unapsera kuti, mwanawe? Ine chaka chino sindinakuoneni ana inu ndi makombola."

Monika anayang'ana amayi ake, kenako pansi.

"Kumtsinje, kuseri kwa chimanga. Timapita kumeneko chifukwa kuno kuli inu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimaopa kuti mumva."

Amayi ake anathamanga naye kuchipatala ndipo dzanja linapulumuka. A Onesimo anatsetsereka okha kupita ku Naperi. Kuseri kwa chimanga, pakati pa zinyalala ndi miyala yoterera, timapepala tofiira ta makombola tinali mbwee, pamodzi ndi mabotolo osweka amene ana ankaphulitsiramo. Zaka zonsezo iwo ankati akupulumutsa ana, chonsecho ankangowapirikitsira kumalo kopanda munthu wamkulu, kumene ankayatsa mothamanga, atagwira m'manja, maso ali kunjira kuopa chidebe. Anakhala pamwala, chidebe pakati pa miyendo, ndipo analira ngati mwana.

Chaka chotsatira, cha 2018, Disembala atayandikira, makasitomala a mbaula anayamba kudandaula kuti a Chidebe akuchedwetsa ntchito. Anali otanganidwa ndi zinthu zosadziwika bwino. Anadula mgolo pakati n'kuudzaza mchenga. Anawongola waya wautali kuposa munthu, n'kupinda kunsonga kwake kuti kuzipana khala la moto. Anadula mabango oti azisomekamo timawaya tothetheka tija kuti moto uzikhala kutali ndi zala. Kenako anasesa bwalo lawo, anathira mzere wa phulusa kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pampanda, n'kulengeza kuti mwana aliyense amene ali ndi makombola abwere nawo.

Anabwera ndani? Ana a ku Zingwangwa si opusa. Anati ndi msampha umenewo, akufuna amize makombola onse pamodzi. Anangoima patali, m'matumba mutatupa, kumasuzumira pampanda. Woyamba kulowa anali Monika, ndi zala zake za zipsera. Anapereka kombola limodzi ndi manja awiri ngati akupereka chindapusa. A Onesimo analizika mumchenga, anabweza mwanayo kuseri kwa phulusa, n'kuliyatsa ndi waya uja. Phuu! Bwalo lonse zii. Kenako a Chidebe, a Chidebe omwewo, anati, "Lina lilipo?" Mpanda unatsala pang'ono kugwa.

Malamulo awo anali ochepa, ndipo ankawanena mokalipa, poti munthu sasintha zonse tsiku limodzi. Woyatsa ndi wamkulu. Kuwoloka phulusa ayi. M'manja ayi, m'botolo ayi, m'thumba la kabudula ayi. Kawaya kakatha kuthetheka kamakhala kakadali kotentha, ndiye m'chidebe. Koma lamulo lalikulu, limene ankawanenetsa ana mokuwa ngati katekisimu, linali la kombola lokana kulira.

"Lofa ndi la ndani?"

"La a Chidebe!"

"Mumalitola?"

"Ayi!"

"Mumaliuzira?"

"Ayiii!"

Lofalo ankalisiya pomwepo nthawi yaitali, ana mpaka kuyamba kuyasamula, kenako n'kulikhuthulira madzi ali chapatali, n'kulitola ndi chopanira makala. Posakhalitsa makolo anayamba kubwera ndi timipando tawo. A Nedson anabwera ndi adzukulu awo, osatchula n'komwe zakale. Mayi Evelina, poona khamu la anthu pakhomo pawo, anatulutsa beseni la mandasi, chifukwa iwonso si opusa.

Kunatsala chinthu chimodzi, chovuta kuposa kudula mgolo. Lamlungu lina atatuluka ku Misa, a Onesimo anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukwera ina ya ku Bangwe, atanyamula mbaula yatsopano ngati chonamizira. Anamupeza Ida ali pamakina, pakhonde. Anakoka kampando n'kukhala kumanzere kwake monga mwa masiku onse, nakamba za mvula, za mwendo wa amayi ake, za kwaya imene yayamba kuimba mothamanga. Atatsala pang'ono kutsanzika ndi pamene analankhula chimene anabwerera, maso ali pampanda wa aneba.

"Khrisimasi ino mubwere."

Makina anaima.

"Zitseko mutseka nthawi yanji, baba?"

"Sinditseka."

Ida anatembenuza mutu kuti awaone, koma iwo anali atawerama kale kutola kansalu pansi.

"Tiona," anatero Ida, ndipo makina anayambanso kulira.

Tsiku la Khrisimasi a Onesimo sanamve n'komwe ulaliki. Mpunga unapsa, nkhuku inapsa, iwo ali pakhonde, khosi litatalika ngati la Ida zaka zija. Masana anadutsa. Mayi Evelina anavundikira chakudya. Ana anayamba kusonkhana pabwalo. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, pakona panatulukira Dan atanyamula kireti ya zakumwa, kumbuyo kwake Ida, ndi kamtsikana ka diresi labuluu kakulumpha matope.

"Agogo! Akuti kuno kuli moto wa nyenyezi!"

A Onesimo anangoti, "Takhuta, takhuta," zikomo wa kwawo uja amene ankabwera yekha mtima ukadzaza.

Atadya mothamanga anatuluka panja kukuyamba kuda. Magetsi anali atathima monga mwa chizolowezi, ndipo tsiku limenelo palibe anatukwana. Dan anapatsidwa waya woyatsira. Ida anaima kuseri kwa phulusa pamodzi ndi ana, Alinane atamugwira dzanja lamanzere, ndipo a Onesimo anaima pamalo awo a masiku onse. Anamupatsa mdzukulu wawo bango lokhala ndi kawaya kothetheka kunsonga, amayi ake atagwirizira. Kuseka kwake, inu! Ida naye anaseka, kuwala kukuvina pankhope pake ndi pachipsera pomwe. Kawayako katatha, Alinane anaponya yekha bangolo m'chidebe, tsiii, n'kuyang'ana agogo ake kuti amuyamikire.

Kenako Dan anazika kombola lalikulu n'kuliyatsa. Kachingwe kanathetheka, psii, kenako zii. Kautsi kokha.

"Lofa ndi la ndani?" anakuwa Monika.

"La a Chidebe!" ana onse anayankha, osasuntha.

Koma Alinane katekisimu ameneyu sankamudziwa. Chimene ankadziwa n'chimene mwana aliyense wa m'nyumba yophikira pa mbaula amadziwa, chimene ankaona amayi ake akuchita m'mawa uliwonse ku Bangwe. Anasolola kadzanja kake. Ida anamva dzanja likuchoka, koma mbali imeneyo saona, ndipo pamene ankazunguza mutu wonse kuti afufuze, mwana anali atawoloka kale phulusa, masaya atafufuma ngati mandasi.

A Onesimo anali nkhalamba tsopano, ya maondo olira ngati chigwiriro cha chidebe chawo. Mmene analumphira palibe akudziwa. Anagwira kadiresi kabuluu kumsana, anamunyamula mwanayo m'mwamba n'kutembenuka, nkhope yake ataikanikiza pachifuwa chawo. Asanafike n'komwe paphulusa, phuu! Mchenga unawawaza kumsana. Lofa lija linali lisanafe.

Alinane sanapse pena paliponse. Analira chifukwa cha kufinyidwa basi. Amene anathedwa nzeru ndi agogo ake. Ukali wakale uja unabwerera wonse, ndi Chisena chomwe.

"Basi! Aliyense kwawo! Amake Ida, tsekani zitseko! Ndinanena ine, pinthu ipi mphyakuipa!"

"Baba."

Ida anatenga mwana n'kumupereka kwa amayi ake. Kenako anachita chimene anali asanachitepo. Anawagwira bambo ake mikono yonse iwiri, anawakokera mbali yakumanja, n'kuwaimika patsogolo pa diso lake. A Onesimo anayang'ana pansi kufuna choti atole. Ida sanawataye.

"Musatseke. Mwamugwira, baba. Simukuona kuti mwamugwira?"

"Iwe sindinakugwire."

Mawu amenewo anali asanawatulutsepo, ngakhale kwa wansembe.

"Ndikudziwa," anatero Ida. "Ndipo ndikudziwa chimene mumakhalira mbali iyo. Mumayesa ndikadali mwana? Diso lija ndinalilira n'kulisiya kalekale. Limodzi lomweli ndasoka nalo, ndakwatiwa nalo, ndabereka nalo. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ndili ndi bambo amene ndimangowamva mawu ngati wailesi. Ndakusowani, baba. Tandiyang'anani."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Diso lija analithawa zaka zonsezo linali pomwepo, lonyowa, ndipo munalibe funso lililonse. Linkangowayendera nkhope yonse, pachipumi, m'masaya, m'ndevu, ngati munthu amene wabwerera kwawo akuona zimene zasintha.

"Mayo ine," anatero Ida, akuseka ndi misozi yomwe. "Imvi zonsezi zinamera liti?"

Mayi Evelina anamina mwaphokoso, anamanga Alinane kumbuyo ndi chitenje, n'kudzikankhira kumanzere kwa mwana wawo.

"Kuno ndaimako ine. Inu khalani komweko, akuoneni mpaka atope. Nanga anawa muwabalalitse makombola ali m'matumba, akapsere kumtsinje?"

Ana anali akadali kuseri kwa phulusa, palibe anathawa. A Onesimo anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, anakonza pakhosi, nafunsa ndi mawu osasa ngati lina lilipo. Linalipo. Dan analizika mumchenga, anabwerera m'mbuyo n'kutambasula waya. Litaphulika ana onse anakuwa, maso ali pamgolo. Ida yekha sanayang'aneko. Ankayang'ana bambo ake, ndipo iwo sanawerame.